Waya wa Ba Whiteson

Ku Kafue Estates kuli nyumba ina imene fungo lake limakuchingamira usanagogode n'komwe pageti. Ndi fungo la nkhuku zoyera zija, zimene ntchito yake ndi kudya n'kumaipitsa pomwe zakhalapo. Kuseri kwa khola lake kuli kanyumba ka chipinda chimodzi, kamene amakatcha kabini, ndipo m'menemo ndimo mukhala mwini wake wa malo onsewo, Ba Whiteson Njobvu.

Mkuluyu anabadwira ku Shimabala, kwa alimi a chimanga ndi repu, koma khasu silinamvane nawo. Akadali mnyamata anatsikira ku tauni nalembedwa pa fakitale ina, ntchito yokoka mawaya a matelefoni kuchoka ofesi iyi kupita ofesi iyo. Anakalamba nayo ntchitoyo. Foni ya bwana ikafa, dzina lomveka m'makhonde monse linali Whiteson, ndipo iwo ankabwera monyada, pulayazi ili m'thumba la kumbuyo. Fakitale itatseka, matelefoni akale anatayidwa kudzala. Iwo anatolako awiri akuda, olemera ngati njerwa, nawatsekera m'tiranki.

Akazi awo atamwalira, anaitana mwana wawo mmodzi yekhayo, Bright, yemwe ankachita lendi ku Nangongwe ndi mkazi wake Jennifer.

"Ine nili neka, ma room yonse aya nizachita nayo chani? Bwelani munkhale muno. Ine nizangena mu kabini."

Palibe amene anawakakamiza mkuluyo, ndipo ichi n'chimene chimandipsetsa mtima ndikamaikamba nkhaniyi. Anasamuka okha, atasenza matiresi awo pamutu, akuseka. Chaka chisanathe Bright anamanga khola la nkhuku pakati penipeni pa nyumba ndi kabiniyo, poti malo ena panalibe. Kuyambira pamenepo, wopita kwa mkuluyo ankadutsa m'kanjira ka utuchi wonyowa, zitosi, nthenga ndi madzi obiriwira otsukira zomwera nkhuku. Ntchentche zake zinali zonenepa kuposa anapiye.

Komabe ankapitako. Bright amagwira ntchito ku Lusaka, ndipo nsapato zake amazipukuta mpaka kudziwonerapo nkhope. Koma m'mawa uliwonse asanakakwere minibasi ankalumpha zithaphwizo, kufika pakhomo, kukhala pa kampando kamatabwa n'kuwomba m'manja.

"Mwauka shani, ba Tate?"

Nkhani zake sizinali nkhani ayi: bondo lagona bwanji, mvula ibwera kapena iyayi, mpira wa dzulo. Koma kwa Ba Whiteson tsiku lonse linali pamenepo. Ankadzuka msanga, kusamba, kuvala shati ya kolala, kupukuta kampandoko n'kukaika pakhomo. Masana Jennifer ankabwera ndi chakudya, kugwada pakhomo monga achitira mpongozi, ndipo sankanyamuka mpaka mkuluyo atavundukula mbale n'kuyamika.

Tsiku lina la mvula Jennifer anaterereka pakona pa khola. Nshima uko, kapenta uko, iye pansi m'matope a zitosi, chitenje chonse chitathimbirira. Anadzuka akulira ndi mseru. Ba Whiteson anaona zonse ali pakhomo, ndipo chisoni chinawagwira. Pamodzi ndi chisonicho, tisabisane, munalowanso kamtima kofuna kuonetsa kuti manja awo sanaiwale. Madzulo ake anatsegula tiranki.

Ha, mlungu umenewo mkulu anabwerera unyamata! Anapukuta matelefoni aja, kugula waya kumsika, kupempha batire yakale ya galimoto kwa mnansi wawo Owen. Anakwera pa dilamu ndi bondo lodwalalo n'kumakhoma misomali m'mbali mwa mpanda, waya ukuyenda bwinobwino pamwamba pa khola, ntchentche zikuwatera pamilomo. Foni imodzi anaipachika kukhitchini pafupi ndi firiji, inayo pamutu pa bedi lawo. Atadina batani, belu linalira m'nyumba yaikulu, ndipo mawu a Bright anamveka ngati ali pompo.

"Ba Tate, imwe ndimwe engineer zoona!"

"Manje mvula ikabwela, osavutika," anatero mkuluyo, chifuwa chili patsogolo. "Muzingotuma foni che."

Iwo anati mvula ikabwera. Anawo anamva zawozawo.

M'mawa mwake kunja kunacha kowala, kopanda ndi kamtambo komwe. Ba Whiteson anaika kampando pakhomo. Belu linalira.

"Mwauka shani, ba Tate? Nachedwa, nathamanga. Tizakamba mumazulo."

Madzulo belu linaliranso. Mawa lake chimodzimodzi. Moni uja anayamba kufupika ngati kabudula wa mwana amene akukula, mpaka anatsala "Muli che?" ndi "Nili che." Nthawi zina mkuluyo ankamva Bright akutafuna buledi, kapena akutsuka m'kamwa n'kulavula m'sinki, foni ataipanikiza paphewa. Kulavula uku ukupereka moni kwa bambo ako! Jennifer nayenso anapeza njira yake. Ankaika mbale pa dilamu lija, osaoloka n'komwe zithaphwi, n'kubwerera kukaimba.

"Ba Tate, vakudya vili pa drum."

Ndiye mkulu wa imvi, mwini nyumba, ankatuluka ndi ndodo kukalanda mbale yake kwa ntchentche. Ankadya yekha chitseko chili chotseka chifukwa cha fungo. Mvula inatha, chisanu chinadza n'kupita, kanjira kanauma gwa, koma mapazi sanabwerere. Mwana wawo ankagona m'nyumba ya pabwalo lomwelo, koma iwo ankamudziwira pa kulira kwa geti.

Kudandaula sakanatha. Akanadandaula chiyani, poti moni ankalandira tsiku lililonse, chakudya osaphonya? Owen atawazonda anawauza kuti ali ndi mwayi, makolo ena ana awo sawaimbira n'komwe. Ba Whiteson anangomwetulira, koma mumtima ankanyansidwa. Foni ija, imene anaipukuta ndi manja awo, inayamba kuwaipira m'maso. Ikalira ankaisiya ilire kaye, akuiyang'ana ngati mphemvu yagwera m'ndiwo.

Loweruka lina, tsiku limene Bright sapita ku ntchito, anatenga pulayazi. Anaganiza bwino podula. Akadula kukhitchini kapena pakhola, munthu akonza n'kubwerera osafika. Choncho anadula pamwamba penipeni pa chitseko chawo, pamene wokonzayo sakanachitira mwina koma kuima pakhomo. Atatero anasamba, kuvala shati ya kolala, kupukuta kampando kaja n'kukaika m'kati pafupi ndi bedi, chitseko n'kuchisiya chotsegula pang'ono.

Dzuwa litakwera anamva chitseko cha kukhitchini. Anamva mawu a Jennifer akuti, "Siilila, kapena ni battery." Kenaka mapazi. Mtima wa mkuluyo unagunda ngati wa mnyamata wodikira chibwenzi. Mapazi anadutsa dilamu, anadutsa khola, akuyenda pang'onopang'ono, poti mwini wake ankalondola waya ndi maso.

Pa mpata wa chitseko Ba Whiteson anamuona mwana wawo. Anali atanenepa, ndipo anali atayamba kusunga ndevu. Ndevu zonsezo zinamera bambo wake osadziwa. Pamphuno anali atamangapo kansalu. Anaima pakhomo, pafupi moti mkuluyo akanatambasula ndodo akanamugunda bondo, nakweza manja, nasenda nsonga za waya ndi mano, nalavula timapulasitiki pansi, nazipota pamodzi. Ba Whiteson anakonza kukhosi kuti alankhule, koma anadziletsa. Wamkulu sayamba kupereka moni kwa mwana amene wafika pakhomo pake. Anadikira kuti aodire.

Bright anapukuta manja pa buluku, natembenuka, nabwerera mothamanga atagwira kansalu kake. Chitseko cha kukhitchini chinatsekeka.

Posakhalitsa belu linalira pamutu pa bedi. Linalira, linaliranso. Mkuluyo ananyamula.

"Ba Tate, mwanimvela? Waya yenze inajuka pa door panu, nayikonza. Yafunika ni makoswe."

"Nakumvela."

"Sininafune kumivutisani, nenze naganiza mukali gone. Muli che?"

Ba Whiteson anayang'ana kampando kopanda munthu, ndi shati yawo ya kolala.

"Nili che, mwana wanga," anatero. "Wakonza bwino."