Kapu Yanga ya Koko ndi Sikelo ya Mlamu Wanga

Kwa zaka zambiri keke, kapena kuti bolo, ya ukwati uliwonse pa tchalitchi chathu ku Milange inkachokera m'manja mwanga. Ndinkayeza zonse ndi kapu imodzi yachitsulo yothothoka pakamwa, ndipo palibe anadandaulapo. Mwana wanga wamkazi atatomeredwa, ndinayamba kale kuiona keke yake m'maganizo: ya koko, yosanjikiza katatu, yoti anthu akaisimbe mpaka ku Molumbo.

Chaka chomwecho mchimwene wanga anakwatira mkazi wa kutsidya kwa Ruo, ku Muloza. Mlamu wangayo anabwera ndi kasikelo ka mabatire, ndipo ankakakulunga m'nsalu ngati khanda. Keke yake yoyamba anaibweretsa ku msonkhano wa amayi. Inali yofewa, yonunkhira, yosafuna tiyi. Amayi omwe ankanditamanda dzana anangoti zala nyambi nyambi. Ndinaseka nawo, koma ndisaname, nsanje inandigwira.

Patapita masiku ndinapita kwawo ngati wokabwereka sefa, kapu yanga ili m'thumba. Iye sanachedwe kundizindikira.

"Alamu, tulutsani kapuyo tiione," anatero. "Tapani koko monga mumachitira masiku onse."

Ine ndinakulira pamsika ku Mongue, kugulitsa nyemba ndi amayi anga. Kumeneko muyeso umagwedezedwa, umatsenderedwa, kenako umaika kaphiri pamwamba. Kupereka kapu yosadzaza ndi kuba. Choncho ndinatapa koko, ndinagwedeza, ndinatsendera ndi chala chachikulu, ndikuunjika. Anakhuthulira pasikelo, ndipo manambala anathamanga kupitirira magalamu 120.

Kenako iye anasefa koko, anathira m'kapu momwemo ndi supuni pang'onopang'ono, nasalaza pamwamba ndi mpeni. Sikelo inaima pafupi ndi 85.

"Koko si nyemba, alamu," anatero mofatsa. "Ndi wopepuka. Mukamutsendera amalowa wambiri, ndiye bolo imawawa, imaumanso. Pepala likati kapu imodzi, ine ndimayeza magalamu, basi."

Kufatsa kwakeko ndi kumene kunandipsetsa mtima kwambiri. Akanakhala wamwano ndikanapeza pomugwira.

"Anthu adya keke zanga zaka zonsezi, palibe anafa," ndinayankha.

Anati nditenge sikeloyo ndikayesere kunyumba. Ndinakana, ndipo sefa ndinaisiya pomwepo. Panjira ndinkadziuza kuti mlendo wadzulo sangandiphunzitse khitchini, ngakhale kuti manambala aja ndinali nditawaona ndi maso angawa.

Kutatsala milungu iwiri kuti ukwati uchitike, mwana wanga anandipeza ndikupeta mpunga pakhonde. Anagwada patali pang'ono, kenako anayamba kutola timiyala m'lichero popanda womutuma.

"Amayi, musakwiye. Bolo ija apange azakhali a ku Muloza. Inu mupume, mukakhale kutsogolo ngati mayi wa mkwatibwi."

"Wakuuza ndani kuti ndatopa?"

Anangopitiriza kutola timiyala.

Tsiku la ukwati ndinakhaladi kutsogolo, nditavala nsalu yatsopano. Atandipatsa gawo langa la keke, ndinalidya pang'onopang'ono, lilime likufunafuna cholakwika choti ndikanene kunyumba. Sindinachipeze. Ndili pomwepo, mayi wina wachikulire wa mu kwaya anabwera kudzandigwira dzanja. Sankadziwa amene anaphika.

"Amake mkwatibwi, ulendo uno mwaitha. Sinaume kukhosi ngati zija za kale."

Mlamu wanga anali chapafupi, akusonkhanitsa mbale, ndipo anamva zonse. Anandiyang'ana. Ine ndinamwetulira mayiyo n'kunena kuti, "Zikomo."