Chibuma cha pa Zenera la a Fintan

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinataya mudzi wa munthu m'bini.

Tinali titangofika ku Manchester, kumene amayi ankagwira ntchito ya unesi. Khomo loyandikana ndi lathu kunkakhala a Fintan, bambo wokalamba wa ku Ireland amene anathera unyamata wawo akukumba misewu ya mumzindawo. Ankakhala okha. Atadwala mwendo, amayi anandituma Loweruka lina kuti ndikawakonzere m'nyumba. Pa nkhani ya tsache ndinali wodzimva ndithu, poti ku Ntcheu ankanditama kuti ndikasesa, nyerere imasowa chonyamula.

Pa zenera la pabalaza panali chibuma chakuda, chouma gwa, atachikhazika pa kambale. Ndinapukusa mutu. Uve wanji umenewu! Eni ake akuwodzera pampando, ndinakachiponya m'bini panja, kambale nkukatsuka mpaka mbee.

Atadzuka anayang'ana pa zenerapo nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Mwanawe, chimene chinali apa chili kuti?"

"Dothi lija? Ndataya."

Anandifotokozera motsitsa mawu. Kumudzi kwawo mitengo ya nkhuni inali yosowa, choncho ankadula dothi la m'dambo ngati njerwa, nkuliyanika, nkumasonkhera moto. Banja lililonse linali ndi chigawo chake cha dambolo. Chibuma chija anadula ndi bambo awo chaka chimene anamwalira, ndipo amayi awo anawaikira m'sutikesi tsiku limene ankachoka pamudzi. Nyumba yawo inagwa kalekale, m'dambomo anadzalamo mitengo ya paini. Chimene chinatsala chinali chibumacho basi.

Ndinathamanga nkukagubuduza bini lonse ndikulira. Ndinachipeza pansi pa makoko a mbatatesi, chitasweka patatu. Amayi anandipeza pomwepo pochokera kuntchito.

"Iwe Tadala, ukufwanthula chiyani m'bini ngati galu?"

Atamva nkhani yonse anandigwira dzanja, tinakalowa kwa a Fintan, tonse awiri nkugwada pansi kupepesa monga timachitira kwathu. Mkulu uja anasokonezeka kwambiri.

"Dzukani, chonde dzukani! Ine si wansembe."

Kenaka anatenga kachidutswa kakang'ono pa zitatuzo nkukayatsa pa kambale kaja. Utsi wake unkanunkhira ngati lupsa limene lagweredwa mvula yoyamba. Anatsinzina nkuyamba kutiyendetsa m'mudzi mwawo kuyambira pa mlatho. Apa panali wosula nsapato za akavalo. Apo mayi wamasiye woweta njuchi. Kumtunda kunali sukulu ya zipinda ziwiri imene inatsekedwa ana atatha m'mudzimo, ndi chitsime chimene anthu ankachizungulira akupemphera kamodzi pa chaka. Pa nyumba iliyonse ankatchula amene anapita ku Amereka osabwerako ndi amene anagona kuseri kwa tchalitchi. Sanadumphe khomo ngakhale limodzi.

Atatsegula maso anati, "Tsopano iwe. Ndiyendetse kwanu."

Ndinatchula nyumba ya agogo ndi mjigo, ndinathera pomwepo. Masiku amenewo ndinkachita kulimbikira kuiwala za kwathu kuti anzanga kusukulu asamandiseke. Manyazi anandigwira kuposa a m'bini aja.

"Ine ndatsala ndi dothi," anatero a Fintan. "Iwe uli ndi amayi ako amoyo. Afunse lero lomwe."

Ndinawafunsa tsiku lomwelo, ndipo amayi anafotokoza mpaka ndiwo zinapserera. Zonse ndinazilemba m'kope la masamu, khomo ndi khomo, kuyambira pa mtengo wa mkuyu mpaka kumanda.

A Fintan atamwalira, chidutswa chimodzi anapita nacho m'bokosi. Chinacho anandisiyira ine, ndipo chili pa zenera langa kuno ku Rotherham. Ana anga amadziwa kuti pamenepo sipafika tsache.

Ndimawathokoza mkulu ameneyu kuposa mmene ndinganenere, ndipo chifukwa chake ndachimvetsa posachedwapa. Amayi akalamba, mutu wayamba kuwathawa. Masiku ena sadziwa kuti ali kuti, amangolira kuti akufuna kwawo. Zikatero ndimatsegula kope lija nkuyambira pa mkuyu, khomo ndi khomo. Tikafika pa nyumba yachitatu amakhala atasiya kulira, ndipo amayamba kundikonza pamene ndalakwitsa dzina.