Funso limene ndinalithawa

Inu owerenga, ine ndinagonapo pakhonde la sitolo ngati galu wopanda mwini, chonsecho kwathu kunali kufupi. Palibe anandithamangitsa kwathuko. Ndinadzithamangitsa ndekha poopa funso limodzi.

Kunkhondo ya azungu tinapita awiri, ine ndi mng'ono wanga Fausitino. Ndine ndinamunyengerera, ndikumukopa ndi nkhani za nsapato ndi jasi. Tikunyamuka kwathu ku Mphunzi, mayi anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndidzabwere naye mwana wawo. Fausitino anatsala m'nkhalango za ku Bama. Anafera m'manja mwanga, ndipo tinamukwirira mothamanga, popanda ngakhale mtanda.

Nkhondo itatha, galimoto inatitsitsa pa Dedza, koma miyendo inakana njira ya ku Mphunzi. Mayi akandifunsa kuti mng'ono wako ali kuti, ndiyankha chiyani? Ndinatsatira msilikali mnzanga wa ku Lobi, ati ndikapumeko pang'ono. Kupumako kunasanduka ukwati, mnzanga yemweyo n'kukhala nkhoswe. Ndinakhala mkamwini, ndikulima chimanga ndi nyemba m'munda wa mkazi wanga Nabanda. Ofunsa za kwathu ndinkawauza kuti abale anga onse anatha.

Nabanda anali munthu. Kukachita bingu, ine bambo wamkulu ndinkadzigwetsa m'mizere ndikuyesa mizinga, iye n'kukhala pambali panga mpaka bingulo litatha. Koma Mulungu sanatipatse mwana. Atamwalira, kumeta kutachitika, akuchikazi anandisudzula monga mwa mwambo kuti ndizipita kwathu. Sindiwada, sanalakwe. Koma kwathu kwake kuti? Apo imvi zinali zitayamba kale.

Ndinakatulukira pa Linthipe, n'kumasenzera anthu matumba a kabichi ndi mbatata ya kachewere. Anali masiku aja a makhadi a chipani, ndiye ine wopanda khadi, anyamata a chipani akafika pamsika ndinkazembera kuchimanga. Amene anathawitsa adani ku Bama, lero akuthawa ana! Chisanu cha ku Dedza mukuchidziwa. Jasi langa lausilikali linali litatsala zigamba zokhazokha.

A Yusufu, eni sitolo, ndiwo anandilola kugona pakhonde pawo. Nditadwala chifuwa anandipatsa tiyi ndi bulangete, nandifunsa mofatsa kuti, "Mukatisiya pano, uthenga tikapereke kwa yani?" Malungo anamasula pakamwa panga, ndinatchula mudzi wathu ndi dzina la mayi. Iwo anatumiza mawu kudzera mwa ogulitsa nyemba.

Tsiku lina lamsika panaima mayi wina patsogolo panga, akundiyang'anitsitsa. Anali Marita, mlongo wanga, amene ndinamusiya asanathe msinkhu. Ndinagwada n'kuyamba kufotokoza za Fausitino, koma anandidula.

"Achimwene, za Fausitino mthenga wa boma anatiuza nkhondo isanathe. Tinalira, tinameta. Amene mayi ankadikira ndinu."

Anandiuza kuti mayi anamwalira akukaniza aliyense kutenga chigawo cha munda cha kuchulu, ati mwini wake ali m'njira. Ndinalira pamsika, anthu akuona. Funso limene ndinalithawa moyo wanga wonse panalibe amene akanandifunsa.

Lero ndili ku Mphunzi. Ana a Marita anandimangira kanyumba, ndipo pambali pa manda a mayi tinazika mtanda wa Fausitino. Bingu ndimaliopabe, koma adzukulu amabwera kudzandizinga, akundiseka kwinaku atandigwira manja.

Inu amene munabwera kunkhondo ndi katundu mumtima, musamutule kwa alendo n'kumabisa kwanu. Pitani, ngakhale mwachedwa. Inunso mukaona nkhalamba ya jasi long'ambika pakhonde, musafulumire kunena kuti ndi wamisala. Ifunseni kwawo monga anachitira a Yusufu. Munda wakuchulu uja ndikuulima tsopano, ndipo umabereka bwino. Mayi amene anandisungira ndiwo sanadyeko.