Chikwama cha Goloboyi

Chipinda chimene ndinkagona ku Oshawa, tauni ya pafupi ndi Toronto, sichinali changa, ndipo eni nyumba sanandibisire zimenezo. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wolankhula pang'ono ngati mawu amachita kugula. Amuna awo anagwira ntchito mufakitale ya magalimoto mpaka kumwalira. Tsiku limene ndinafika ndi sutikesi yanga, m'zaka za m'ma 1970, anandikweza masitepe, n'kutsegula chitseko, n'kundiuza kuti chipindacho ndi cha mwana wawo wamwamuna. Mwanayo anali atamaliza koleji, kumene anatchuka ngati goloboyi wa hoke, mpira uja amasewera pa ayezi atavala nsapato zamipeni kunsi. Tsopano anali atatengedwa ndi timu ina yaing'ono yolipira osewera ake, kutali ku Amereka. Pangano lathu linali lalifupi: malinga iye ali kutimu, chipinda ndi changa. Akabwera kudzakhazikika pakhomo, ine ndikaone kwina.

Ndinavomera msangamsanga. Ndinali nditagogoda kale pamakomo ambiri okhala ndi chikwangwani pawindo, ndipo paliponse chipinda chinkapezeka kuti changotengedwa kumene akangoona nkhope yanga. Masana ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, madzulo ndinkawerenga, chifukwa unesi umene ndinaphunzira kwathu sunkawerengedwa kuno mpaka nditalemba mayeso awo a mwezi wa Malichi. Chipatala china chinali chitalonjeza kuti ndikangolemba mayesowo chidzandipatsa malo kunyumba ya manesi. Ndinkangofuna pobisala mpaka Malichi basi.

Pakhoma, moyang'anizana ndi bedi, panapachikidwa chigoba chakumaso choyera, chamabowo, chokhala ndi zipsera zakuda pamphumi. Chinali chakale, chimene mnyamatayo ankavala kukoleji kuti kamphira kolimba kamene amamenya ndi ndodo kasamuphwanye nkhope. Ine ndine mwana wa ku Dedza. Ndinakulira m'nyumba yachikhristu, inde, koma gule ankatuluka m'mudzi mwathu momwemo, ndipo sindikanatha kugona chinthu chotere chikundiyang'ana. Ndinachiphimba ndi chitenje tsiku loyamba lomwelo.

Chipale chofewa chitangoyamba kugwa, mwini chipinda anatulukira. Anali wamtali, wamapewa otambalala, atasenza chikwama chachikulu chokwana kulowamo munthu. Anauza amayi ake kuti wavulala bondo, ndipo timu yamutumiza kuti adzapume ndi kumachita pulakatisi pabwalo la ayezi la m'tauni mwathu mpaka itamuitana. Amayiwo anamuyalira kuchipinda chapansi pa nyumba, pafupi ndi ng'anjo yotenthetsera nyumba, kumene tinkachapirako. Anandiuza kuti ndisade nkhawa, mwanayo wangobwera ngati mlendo, ndipo mlendo akhoza kugona pansi. Koma anawonjezera, akupukuta tebulo, kuti mwana wapakhomo sangamugoneke kuchinyezi.

Nkhani ya bondo ija sinandilowe. Ndinachokera kudziko kumene zaka zimenezo tinaphunzira kumvetsera zimene munthu sakunena, ndipo khalidwe limenelo silitsala pabwalo la ndege. Komanso maondo ndinkawadziwa, ndiwo anali ntchito yanga tsiku lililonse. Mnyamatayu ankatsimphina bwino kwambiri akamadutsa kukhitchini, koma amayi ake akapita kumsika ankatsika masitepe ngati mbuzi.

Ndinayamba kumuwerenga. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi chikwama chija, masana n'kubwerera. Amayi ake ankachitsegula n'kuyanika zovala zake pachingwe chakuchipinda chapansi: zotchinga miyendo zonenepa ngati mapilo, magolovesi, masokosi aatali. Masiku oyambirira zinthuzo zinkanunkha zoti sungaime pafupi, thukuta lakalekale losakanikirana ndi chikopa chonyowa, ndipo ndikamachapa mayunifomu anga ndinkapumira pakamwa. Kenaka fungo linayamba kuchepa. Tsiku lina ndinagwira golovesi imodzi, n'kupeza ili gwaa, youma ngati chikopa cha ng'oma. Munthu wochokera kopulakatisa sabwera ndi zovala zouma. Foni ikalira ankaithamangira, bondo ataliiwala, ndipo ikapezeka kuti ndi ya amayi ake ankaipereka nkhope itagwa.

Umboni wotsiriza ndinaupeza ndili m'basi, ndikupita kuntchito. Basi inaima pamphambano, ndipo m'kanyumba kogulitsa khofi ndinamuona atakhala pawindo, chikwama chili pansi pa tebulo, akuwerenga tsamba la nyuzipepala lolengeza ntchito. Anatukula maso. Tinayang'anana mpaka basi inanyamuka.

Kuyambira tsiku limenelo anasanduka munthu wabwino kwa ine, ndipo ubwino wakewo ndi umene unandiopsa. Ankachotsa chipale ndi fosholo kuyambira pakhomo mpaka pamsewu ndisanatuluke. Ankandisiyira khofi pachitofu. Ine mumtima ndinkati akundipaka mafuta pakamwa kuti ndisamuulule, kapena akundisisita kuti tsiku londichotsa ndisadzavute. Tsiku lina anandifunsa kuti mayeso anga ndi a liti. Ndinamuyankha mokoka kuti ndi a Malichi, ndipo anangogwedeza mutu ngati munthu amene akuwerengera kanthu. Ndinakwiya. Ndinali wotsimikiza kuti akuyeza ngati angapirire kuchipinda chapansi mpaka nthawi imeneyo, ndipo kuti yankho lake linali lakuti ayi.

Amalawi tinali ochepa kwambiri nthawi imeneyo, oti tonse tinkakwana m'chipinda chochezera chimodzi. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ku Toronto, ndinafotokozera mayi ena achikulire a ku Zomba, nesi mnzanga amene anafika kuno kalekale, amene tonse tinkawatcha anti. Anamvetsera akuvala magolovesi, kenaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amudropa ameneyo, mwanawe, timu yamuchotsa, palibe za bondo apa. Iwe kawauze mayi akewo mwamsanga, mu-agree-ne za chipindacho zisanaphulike. Ukachedwa udzapeza sutikesi yako ili pa sinowo."

Ndinabwerera pa sitima ndikuyeseza mawu. Sindinkafuna kumuneneza, koma sindinkafunanso kukagona pasiteshoni chifukwa cha manyazi a mwana wa eni. Ndinaganiza zowauza amayiwo zimene ndinaona, n'kuwapempha kuti andilole mpaka Malichi, ngakhale zitatanthauza kuti ine ndi amene nditsikire kuchipinda chapansi.

Mpata unapezeka Loweruka masana, mnyamata uja atangosiya chikwama n'kutulukanso. Ndinatenga zochapa zanga ngati chonamizira n'kutsika masitepe. Amayiwo anali pamenepo, akuyanika. Ndinaima pasitepe yomaliza n'kumawayang'ana. Ankatulutsa chinthu chimodzichimodzi, chouma, n'kuchikutumula, n'kuchipachika mosamala, n'kuchitembenuza kuti mbali yonyowa, imene kunalibe, iyang'ane kung'anjo. Atamaliza anakwera pakampando n'kutsegula kawindo kakang'ono kakumwamba, mphepo yozizira n'kulowa. Manja amene anayanika zovala zimenezi kuyambira mwanayo ali wamng'ono sakanalephera kusiyanitsa chonyowa ndi chouma. Anatembenuka, sokosi ili m'manja, n'kundiyang'ana m'maso momwe.

"Zikununkha, eti?" anatero.

Mawu onse amene ndinayeseza m'sitima anali pakamwa. Koma chimene chinandibwerera chinali kwathu, pabwalo, gule akuvina fumbi lili koboo. Amayi a m'mudzi ankaimba ndi kuomba m'manja, gule akawathamangitsa ankathawa ndi mtima wonse. Ndili wamng'ono ndinayesa tsiku lina kunong'oneza azakhali anga kuti mapazi a gule uja ndikuwadziwa, ndipo ananditsina pantchafu mpaka misozi. Sindinabwerezenso. Pali zinthu zimene mkazi wamkulu amaziona ndi maso ake n'kupitiriza kuimba.

"Zikununkha kwambiri, amayi," ndinayankha.

Anagwedeza mutu n'kupachika sokosi ija. Akukwera masitepe anandikumbutsa, osacheuka, kuti malinga mwana wawo ali kutimu, chipinda ndi changa.

Ndinakhala pamulu wa zochapa zanga mutu uli zweee. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chimene chinkandisunga m'nyumbamo chinali bodza lomwelo limene ndinkafuna kuliphwasula. Tsiku limene wina adzanene poyera kuti mnyamatayu amuchotsa, mlendo adzasanduka mwana wapakhomo, ndipo mwana wapakhomo sagona kuchinyezi. Amayiwo anali munthu wa mawu amodzi, sakanabweza.

Ndiye nanenso ndinalowa m'nyimbo. Pachakudya chamadzulo ndinkamufunsa kuti pulakatisi yayenda bwanji, iye n'kuyankha kuti ayezi anali wofewa, amayi ake n'kudandaula kuti anthu osamalira bwalolo ndi aulesi. Ndinafika pomuphunzitsa masewero olimbitsa bondo, n'kumamuwerengera akukweza mwendo wabwinobwino pampando. Anti aja atandifunsa ngati ndinalankhula, ndinawauza kuti zinthu zili bwino, iwo anangoti kaya.

Koma mtima sunakhale pansi. Tsopano ndinkaopa chilungamo kuposa mmene ndinkaopera bodza. Akakhosomola patebulo ndinkaganiza kuti wayamba kuulula. Khirisimasi itapita anayamba kutuluka m'mamawa kwambiri ndi kubwera mochedwa, atatopa zenizeni, m'zikhadabo muli mafuta akuda. Ndinaona zimenezo n'kuyamba kukayikira zatsopano. Mwina wapeza kaganyu. Munthu wopeza ntchito sachedwa kupeza mawu, ndipo ndinkayembekezera tsiku lililonse kuti lero anena. Komabe chikwama chinkatuluka m'mawa uliwonse, ndipo amayi ake ankayanika madzulo alionse n'kutsegula kawindo kaja. Nthawi zina ndinkamumvera chisoni, ndikamuona pawindo akulimbana ndi chikatundu chija m'chipale, phewa limodzi litatsika. Chisonicho sichinkachedwa, ndinkakumbukira kuti bedi limene ndikugonapo ndi lake ndipo amadziwa bwino kufewa kwake.

Malichi anafika. Ndinalemba mayeso ku Toronto, pepala lomaliza n'kulimaliza masana, ndipo ndinabwerera ku Oshawa dzuwa lisanalowe. Ndinamupeza atakhala pamasitepe apanja, atavala ovolosi yabuluu ya kufakitale ya magalimoto, yofanana ndi imene bambo ake anavala pachithunzi cha m'chipinda chochezera. Chikwama chinali pambali pake. Anandifunsa ngati ndamaliza, ndipo ndinati inde.

"Zonse? Palibe pepala latsala?"

"Palibe."

Anapuma mwamphamvu n'kutikita phewa. Anandiuza kuti ntchitoyo anaiyamba chaka chitangoyamba, ndipo nthawi yonseyi wakhala akusenza chikwamacho mpaka kufakitale, n'kuchisiya kwa mlonda wapageti, amene ankamuseka tsiku lililonse. Anati timu inamuchotsa asanabwere n'komwe. Kochi anangomuitana n'kumuuza kuti agoloboyi achuluka, n'kumupatsa tikiti ya basi. Zonsezi ankazinena akuyang'ana nsapato zake.

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene atangopeza ntchito. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Amayi anga mukuwadziwa. Akanakutulutsani sabata yomweyo."

Manyazi anandigwira, pamodzi ndi kuyamikira kumene sindinkadziwa pokuika. Komabe ndine ine, ndipo ngakhale pamenepo kamtima kena kankandinong'oneza kuti mwina ndinangokhala chonamizira chake chabwino, choti achedwetse tsiku loyang'ana amayi ake m'maso. Mpaka lero sindidziwa kuti mbali yaikulu inali iti, ndipo ndikukayika ngati iye mwini ankadziwa.

Anawauza amayi ake patebulo madzulo omwewo, mwachidule. Amayiwo anamvetsera mpeni uli m'manja, ndipo ine ndinkadikira kuona mmene munthu amadabwira ndi nkhani imene waidziwa miyezi yonseyi. Sanayese n'komwe kudabwa. Anaika mpeni pansi n'kulira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa, ngati akuimva koyamba. Atatonthola anapukuta m'maso, n'kutembenukira kwa ine, n'kundifunsa ngati kunyumba ya manesi angandilandire sabata yotsatira. Zinandipweteka ngakhale ndinkaziyembekezera. Ndinati angandilandire.

Tsiku losamuka ndinachotsa chitenje changa pachigoba chija n'kuchipinda, chigobacho n'kutsala chikuyang'ana bedi loyalula. Ndikutsika ndinasuzumira kuchipinda chapansi. Chingwe chinali chopanda kanthu, kawindo kali kotseka. Mnyamata uja anandilanda sutikesi pakhomo, n'kunena kuti ndi yopepuka ngati mulibe kanthu. Anainyamula ndi dzanja limodzi mpaka pamalo okwerera basi, akuyenda patsogolo panga, osatsimphina.