Pa Njinga Kupita Kumudzi Kumene Anandiika M'manda

Ndinanyamuka pa Fingoe kum'mawa kutangofiira, pakaliyala nditamangapo bulangete, mapau a buledi, chigubu cha madzi ndi kathumba ka mchere. Nkhondo inali itatha, ndipo makamyau, malole amene anatibweza kuchokera ku Zambia, anali atatitula pafupi ndi administrasau, maofesi a boma, ngati matumba a chimanga. Anzanga ankadikira kamyau wina wolowera cha ku Chiputo. Mwini wake ankalipiritsa mtengo wa nkhuku ziwiri pa munthu, komanso ankanyamuka tsiku limene mtima wake wafuna. Ine ndinali ndi njinga yanga, ndiye ndinawatsanzika mwaulemu, koma ndi kamatama pang'ono.

Njingayo ndinaigula kumsasa wa othawa nkhondo nditagulitsa mpendadzuwa. Inali yakale, yakuda, yolemera ngati ng'ombe. Ndinaphunzira kukwera ndili ndi ndevu kale, ana akundithamangira pambuyo n'kumawomba m'manja ndikagwera m'mizere ya mbatata. Manyazi ndinalibe. Munthu amene anathawa wapansi, n'kukhala zaka akuima pamzere wa ufa, kuuzidwa pogona ndi podzuka, amadziwa kukoma kwa chinthu chimene chimapita kumene iye mwini wafuna.

Koma m'mawa umenewo mtima sunali m'malo. Dzulo lake ndinali nditapita kwa a Berinado, bambo wokonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi bazari, msika wa pa Fingoe, kuti andikungire masipoko. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kwathu ndi dzina la amayi. Nditayankha anaika sipanala pansi.

"Domingo, iwe tinakuika. Ine ndinakumba nawo."

Anandifotokozera kuti tsiku limene asilikali anatentha mudzi, malaya anga anapezeka kumtsinje ali magazi okhaokha. Thupi silinaoneke. Atadikira mokwanira, abale anakulunga thunthu la nthochi mu mphasa, n'kuliika m'manda m'malo mwanga, maliro n'kuwameta monga mwa mwambo. Amayi anali moyo, iwo ndi atsibweni anali atabwerera pabwinja lathu n'kumanganso. Munthu wina anali atawauzapo kale kuti wandiona ku Zambia, koma iwo anamuthamangitsa, n'kunena kuti dzina langa lisatchulidwenso pakhomo pawo. Choncho ulendo wanga unali wokaona ngati mayi wanga wondibala angavomere kuti ndili moyo.

A Berinado anandipatsanso lamulo la msewu. Magalimoto anali atasiya kudutsa njira yachidule ya kwathu chifukwa cha mabomba okwirira pansi, amene ife timati mamina. Anthu a njinga ankapita, koma aliyense ankaika tayala lake ndendende mu mzere umene tayala la mnzake ladinda. Anati ndisapatuke ngakhale phazi limodzi, ndipo madzi akandipana nditaye ndili mumzere momwemo.

Dzuwa likamatuluka ndinali nditadutsa nyumba zomaliza. Ndinapezana ndi amuna awiri atanyamula mabeseni ndi mafosholo, akupita kukakumba golide kumtsinje. Mmodzi anandifunsa ngati njingayo ndikugulitsa. Ndinamuuza kuti akapeza golide wolemera ngati iyoyo abwere tikambirane, ndipo anaseka mpaka beseni linagwa. Amenewo ndiwo anali anthu omaliza kuseka nane tsiku limenelo.

Kuchokera apo msewu unatsetsereka mtunda wautali, ndipo ndiyenera kunena zoona, nkhani ya manda ija ndinaiiwala. Ndinasiya kupalasa, mphepo inalowa m'malaya n'kuwafufumitsa, tcheni chikungoti tcherere. Mitengo inali itaphukira masamba ofiira. Ndinaimba nyimbo yakutchalitchi mokuwa, mawu anga achule omwewa, popanda wondiletsa. Chikhalireni m'dziko la eni ndinali ndisanamvepo thupi langa likupepuka chotero. Ndinasangalala ngati mwana.

Pamphambano yopatukira kwathu panali mayi wogulitsa maheu ndi chinangwa chootcha. Ndinamwa chikho chimodzi, iye akundiyang'ana miyendo. Atamva kumene ndikupita anandiwonjezera chinangwa osalipiritsa, n'kunena kuti njira imeneyo munthu sapita ndi njala, ndiponso kuti ndikamva wina akundiitana m'tchire ndisayankhe. Ndinafunsa kuti woitanayo ndani. Anangotembenuza chinangwa pamoto.

Njira yachidule ija inali itasanduka kanjira. Udzu wouma unkandikwapula m'mapewa, ndipo pakati pa mchenga panali mzere umodzi wa tayala, woonda ngati chingwe. Ndinaika tayala langa mmenemo. Kukwera njinga kotere n'kwina. Suyang'ana mitengo, suyang'ana kumwamba, maso amangokhala pansi, manja n'kuuma pachiwongolero. Apo ndi apo pamtengo pankalendewera kansanza kofiira kosonyeza kuti pamenepo pali mamina. Ndinadutsa kamyau wopsa atagona chammbali, mtengo utamera pamene pankakhala dalaivala. Moyo wanga wonse unali m'manja mwa munthu amene anadinda mzerewo, munthu amene sindinkamudziwa, ndipo ndinayamba kumukonda. Pamene iye anazemba mwala, nanenso ndinkazemba. Pamene anatsika n'kukankha, ndinkaponda m'mapazi ake.

Dzuwa lili paliwombo ndinalowa m'mabwinja. Midzi imeneyi ndinkaidziwa ndili mwana, tinkabwera kudzavina ndi kudzaba mango. Tsopano kunatsala mitengo ya mango yokhayokha, itazungulira mabwalo opanda nyumba, zipatso zikuwolera pansi popanda wotola. Pena panaima mtondo wosinjira, chiswe chitaumanga mpaka m'khosi. Kunalibe tambala, kunalibe galu. Nyenje zokha zinkalira, ndipo nazonso zinkati zikamva njinga n'kukhala chete nthawi imodzi, ngati anthu amene amakunena.

Sindinaleredwe kudutsa pakhomo pa munthu osapereka moni, ndiye pabwinja lililonse ndinkaliza belu kamodzi. Pabwinja lina nditaliza, ndinamva fungo la utsi, utsi wa nkhuni zophikira. Ndinaima, phazi limodzi mumzere, n'kuyang'ana mbali zonse. Kunalibe moto, kunalibe munthu, udzu sunkagwedezeka. Thupi lonse linachita tsemwe. Ndinati zikomo ndi mawu apansi, n'kupalasa osacheuka. Mpaka lero sindidziwa amene ankaphika.

Patsogolo pang'ono tayala lam'mbuyo linaphwa, minga itabaya. Ndinagwada mumzere momwemo, njinga chagada, n'kumata chubu thukuta likugwera m'maso. Ndinadya pau limodzi ndi masuku amene anagwera m'njira, ena okongola kwambiri ndikungowayang'ana chapatali poti anagwera kunja kwa mzere. Ndikupopa ndinadzipeza ndikulankhula ndi njinga, kuiuza kuti isandichititse manyazi pamaso pa eni mabwinja. Zinandithandiza. Munthu ukakhala ndi chokonza m'manja, mantha amachepa.

Dzuwa litapendeka, mitambo inayamba kusonkhana ndipo kamphepo kozizira kanadza. Ndinafika pamtsinje wa kwathu, uja anatolako malaya anga. Amayi atatu ankachapa pamwala. Mmodzi ndinamuzindikira, Rozita, amene tinkaphunzira naye katekisimu. Ndinasangalala, ndinaliza belu, n'kumuitana ndi dzina. Anadzutsa mutu. Sanakuwe, sanathawe. Anasiya chovala chikupita ndi madzi, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo, anzake chimodzimodzi, mpaka bango linawabisa. Ndinaoloka ndekha njinga ili paphewa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadziyang'ana manja kuti ndione ngati ali bwinobwino.

Manda athu ali m'nkhalango yaing'ono kumanja kwa njira, usanafike m'mudzi. Ndinatsika n'kuvula chipewa, monga ndimachitira ndikamadutsa pamene pagona akuluakulu. Nditakankha pang'ono m'pamene ndinakumbukira kuti mmodzi mwa amene ndikuwapatsa ulemuwo ndi ine. Ndinavala chipewa changa. Ndinakweranso n'kupalasa mwamphamvu chitunda chomaliza.

Mudzi unali nyumba zowerengeka za udzu watsopano. Uthenga unali utafika kale, chifukwa panja panalibe mwana ngakhale mmodzi. Atsibweni anandichingamira pamtengo wa mkuyu umene uli m'malire a bwalo, atakweza dzanja kuti ndiime. Anali atakalamba, mano atatha. Ndinaima ndili chikhalire pachishalo.

Sanandipatse dzanja. Anandifunsa dzina la agogo anga, dzina la galu amene tinali naye, ndi chimene chinachitika ndi malaya aja. Ndinawauza kuti ndinamangira bala la mnzanga amene tinkathawa naye, ndipo magazi atakana kuleka tinawataya. Anagwedeza mutu, misozi ikutsika. Iwo anakhulupirira. Koma anati munthu amene maliro ake anametedwa salowa pabwalo ndipo sakhudzidwa, mpaka abale apite kumanda kukauza mizimu kuti panalakwika, asalaze mtumbira, ndi kumusambitsa mankhwala. Wopereka mawu oti zimenezi zichitike anali amayi, popeza ndiwo anaponya dothi loyamba. Akakana, ine ndinayenera kubwerera kumene ndachokera.

Amayi ndinkawaona. Anakhala pafupi ndi nkhokwe atandifulatira, akusenda mtedza m'lichero. Anali atachepa thupi, mutu uli mbuu. Atsibweni anawaitana kuti, "Achemwali, tatembenukani mumuone mwanayu."

Sanatembenuke. Anayankha ndi mawu wamba, ngati akunena za mvula.

"Ndimamuona tsiku ndi tsiku. Amaima pamkuyu pomwepo. Ndikapita, palibe."

Ndinaitana kuti amayi, ndine Domingo. Amayi anati uja amateronso, ndi mawu omwewo. Zala zawo sizinasiye kusenda. Apa ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo ngakhale tsiku lothawa, chifukwa ndinaona kuti nkhope yanga ndi mawu anga zinali zitatha ntchito. Wina anali atazigwiritsa kale ntchito zaka zonsezo. Ndinalibe china chowaonetsa.

Atsibweni anausa moyo n'kundiuza kuti nditsike ndikhale pansi, tione mmene kuchere. Anati katundu alibe mlandu, angathe kulowa, mvula ingamunyowetse. Anatenga njinga m'manja mwanga, n'kuikankha kudutsa pabwalo, n'kuitsamiritsa pankhokwe pafupi ndi amayi. Ine ndinakhala pamuzu wa mkuyu ngati mlendo wopempha madzi.

Madontho oyamba atayamba kugwa, amayi anasonkhanitsa mtedza kuti alowe m'nyumba. Maondo awo anali atafooka, ndiye podzuka anatambasula dzanja kufuna pogwira. Dzanjalo linagwera pachishalo.

Anaima. Lichero linapendekeka, mtedza n'kumakhuthukira pansi, iwo osauyang'ana. Anasisita chishalocho pang'onopang'ono, kenako anaikapo dzanja lachiwiri. Dzuwa linali litabisika kalekale ndipo mphepo inali yozizira, koma ine ndinali nditakhalapo kuyambira m'mawa.

"Achimwene," anatero, "pakufunda apa."

Amayi anasisitanso chishalocho.

"Pakufunda, ndiponso panyowa thukuta. Uja wa masiku onse sasiya chilichonse."

Anatembenuka, manja ali pachishalo pomwepo, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi. Sakanatha kundikhudza, nanenso sindikanatha kuwayandikira. Tinangolira, iwo uko ine kuno, mvula ikutinyowetsa tonse. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuuza atsibweni kuti makasu akonzedwe, mawa kukacha tipite kumanda. Anawonjezera kuti wina andipititsire chakudya pamkuyupo, chifukwa mwana wawo waonda.

Anthu akandifunsa chimene ndimaikondera njinga, ndimawauza za kutsetsereka ndi mphepo, poti n'zimene amayembekeza kumva, ndipo si bodza. Koma chimene ndinaphunzira tsiku limenelo n'chakuti njinga siyenda popanda thupi la munthu wamoyo, lotopa, lotuluka thukuta. Ndikanabwera pa kamyau ndikanafika wouma ndi waukhondo, n'kuima pamkuyu paja ngati uja amene amayi ankamuona masiku onse, ndipo sindikudziwa ngati amayi akanatembenuka. Usiku umenewo ndinagona m'kachisakasa kunja kwa bwalo. Njinga inagona m'nyumba, pafupi ndi mphasa ya amayi.