Masamba Osokedwa M'buku la Shiuli

Kwathu kuno mwana wa sukulu sawerenga chamumtima. M'mawa amakhala pakhonde, buku pamiyendo, n'kumalakatula mokweza uku akugwedeza thupi, chiganizo chilichonse kuchibwereza mpaka chikhazikike m'mutu. Akangoti zii, m'nyumba mumachokera mawu akuti, "Wagona kodi?" N'chifukwa chake ine, amene ndinalekezera sitandade faifi, chaka chatha ndinaphunzira bayoloje ndili pachitofu, kuchokera pakamwa pa mlamu wanga Shiuli.

Shiuli ndi mlongo wawo wa amuna anga a Jalil. Ndi woonda ngati bango, ndipo chilichonse amafuna aone mkati mwake. Ali wamng'ono ankatumbula nsomba osati kuti tiphike, koma kuti aone mtima. Bambo ake anamwalira iye ali wakhanda, ndipo a Jalil amagwira ntchito kutali, kudoko la mzinda wa Chattogram. Olamula pakhomo ndi apongozi anga, amene tonse timawatchula Amma.

Mu Januwale, nthawi ya chifunga, ana analandira mabuku atsopano. Amma sadziwa kuwerenga, koma zithunzi amaziona. Anavundukula buku la bayoloje la Shiuli mpaka anafika pamutu wa za kubereka. Anatenga singano ndi ulusi wofiira wosokera zofunda, masamba onsewo n'kuwasoka pamodzi.

"Amma, zimenezotu zimabwera pamayeso!" anatero Shiuli.

"Zibwere. Tamvera kuno iwe: ndikadzangomva liwu limodzi la zauvezi m'nyumba muno, sukulu yathera pomwepo. Mwana wa a Mokbul a golosale akudikira, ndipo iwo sakufuna mpongozi wa satifiketi."

Amma sanena zocheza. Mkulu wake wa Shiuli anakwatiwa asanamalize n'komwe sitandade seveni.

Shiuli anayamba ndi maselo, tizinthu tosaoneka timene timapanga thupi.

"Alamu, inuyo ndinu mulu wa maselo basi," anandiuza tsiku lina.

"Mulu wa maselowu ukufuna madzi. Katunge pamjigo, adokotala."

Dzuwa litayamba kuwamba, anali pa masamba ndi mmene amapangira chakudya ndi kuwala. Anamata kapepala patsamba la mphonda ya Amma kuti aone ngati liyere, anakalipiridwa mpaka madzulo. M'nyengo yomweyo ndinadziwa kuti ndili ndi pakati. Ndinali kale ndi ana awiri, onse aakazi. Amma atamva anatafuna tsamba lawo la paani, nalavula pambali.

"Munda uwu umangobala atsikana. Akabweranso mtsikana, mwana wanga ndimufunira munda wina."

Ananena Shiuli ali pomwepo. Ndinamuona akuluma mlomo.

Mvula itafika, msewu n'kumira, anali pa magazi ndi mtima. Ankanditsegula chikope n'kunena kuti ndayera, kenaka n'kupita kudambo kukathyola masamba a koko kuti ndidye. Ine ndinkaseka, koma ndinkadya. Mawu ake ankalowa m'khitchini pamodzi ndi utsi: zipinda zinayi za mtima, mitsempha yopita ndi yobwera, impso zosefa magazi. Ndinkapezeka ndikuwang'ung'udza posankha mpunga.

Atafika pamasamba osokedwa, tonse awiri tinali ndi mantha. Koma aphunzitsi awo, bambo wamanyazi, anangoti, "Mutu umenewu mukawerenge kunyumba," anyamata n'kuseka. Shiuli anaudumpha osakhudza ulusi. Ndinapuma, ndikuganiza kuti choopsa chadutsa.

Mu Novembala, mpunga utacha, a Jalil anabwera patchuthi chifukwa masiku anga anayandikira. Amma anaitanitsanso Rokeya, mwana wa msuweni wawo, ati adzathandize kupuntha mpunga. Koma amene ankatumidwa kukawapatsira a Jalil chakudya anali iyeyo, atavala nsalu ya sari yatsopano. Panalibe amene sankadziwa kuti ameneyu ndiye munda wina uja.

Shiuli anali pamutu wa momwe ana amatengera makolo. Amma ankaukonda mutu umenewu chifukwa unkanena za nsawawa zazitali ndi zazifupi. M'mawa wina mawu anangoduka pakati.

"Wagona kodi?" anafuula Amma ali m'chipinda.

"Ayi, Amma. Ndikumwa madzi."

Shiuli analowa m'khitchini, nandionetsa tsamba lopanda chithunzi cha munthu, lokhala ndi timizere ndi zilembo zokha. Anandinong'oneza zimene zinalembedwapo. Chipande chinatsala pang'ono kundigwa m'manja.

"Dumpha," ndinatero. "Shiuli, chonde dumpha. Mayeso atsala pang'ono."

"Nanga inu, alamu?"

"Ine ndi nkhani yanga. Ukufuna ukagulitse sopo kwa a Mokbul moyo wako wonse?"

"Shiuli!" Amma anafuulanso. "Ine ndikungomva nkhuku kuno!"

Shiuli anabwerera pakhonde. A Jalil anali pamjigo akutsuka mano ndi kamtengo. Rokeya ankayala mpunga pabwalo. Ndinamva Shiuli akukhosomola, kenaka anayamba ndi liwu lake lolakatulira lija.

"Mayi nthawi zonse amapereka X. Bambo amapereka X kapena Y. Akapereka Y pabadwa mnyamata, akapereka X pabadwa mtsikana. Choncho mayi alibe mlandu mwana akabadwa wamkazi. Mayi alibe mlandu. Mayi alibe mlandu."

Anabwereza monga amachitira ndi chiganizo chilichonse.

Amma anatuluka, mpango uli paphewa. Anamulanda buku n'kuyamba kufufuza pomwe anasoka.

"Wamasula ulusi wanga?"

"Onani nokha, Amma. Izi zili pamasamba a nsawawa."

Ulusi unali momwemo. Zimenezo n'zimene zinawakwiyitsa kwambiri.

"Ndiye buku lonseli ndi lauve! Ukunyoza mlongo wako pamaso pa alendo? Ndinanena kapena sindinanene?"

"Munanena."

"Basi. Yatha."

Buku analiponya m'bokosi lawo lachitsulo n'kukhoma, kiyi n'kumumanga kunsonga ya sari yawo. Masana omwewo anatumiza mawu kwa a Mokbul. A Jalil analavula kamtengo kaja, nalowera kumunda.

Pakhonde panakhala duu. Shiuli ankapuntha mpunga ndi Rokeya, maso ali pansi. Anzake akamadutsa ndi yunifolomu, iye ankalowa m'khola la ng'ombe. Ine ndinkadziwa kuti wataya sukulu chifukwa cha ine.

Mwana anabadwa kutatsala masiku ochepa kuti mayeso ayambe. Anali wamkazi. Amma anangosuzumira pakhomo n'kubwerera. A Jalil anamunyamula, namuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaitana Shiuli.

"Tabwera kuno, dokotala wa pakhonde. Ndiye ukuti kanthu aka ndi ntchito yanga?"

"Buku likutero, achimwene."

"Kodi limanama bukulo?"

"Pa za mphonda silinaname."

"Hm. Mphuno yokhayi ndi yangadi, katsoka."

Anapita kwa Amma mwana ali m'manja. Ndinkamva ndili pamphasa.

"Amma, munati munda. Ine ndakulira m'munda. Ukafesa mphodza sukolola mpunga. Rokeya abwerere kwawo, ndipo mundipatse kiyi."

"Undichotse kaye mzimu."

"Ndiye sungani kiyi wanuyo. Shiuli ndikamusiya ndekha kusukulu, ndipo kwa a Mokbul ndipitako ndekha."

Kiyi sanaperekedi. Shiuli anakonzekera mayeso popanda buku, atakhala pambali panga m'chipinda, akulakatula chapansipansi. Pa impso anasokonezeka, misozi n'kulengeza. Ndinamuyambira chiganizocho monga ndinkachimvera nthawi ya mvula, iye n'kuchimaliza. M'mawa wa mayeso a Jalil anamukweza panjinga, Amma atatembenukira kukhoma.

Bayoloje anakhoza, ngakhale funso la pamasamba osokedwa analisiya losayankha. Chaka chino akuwerenga buku lobwereka, lake likadali m'bokosi. Kwa miyezi Amma sanamulankhule, chakudya ankangomukankhira ndi dzanja. Sabata yatha Shiuli ali pakhonde, mwana wanga anamukwawira pamiyendo n'kugwira tsamba, iye n'kusiya kuwerenga kuti amulande. Panangoti zii pang'ono. M'chipinda munachokera mawu aukali a Amma.

"Wagona kodi?"