Chitenje chimene ndinatambasulira apongozi ako

Lemba, iwe, usandiyang'ane pakamwa. Za tsiku lija umadziwa za pamwamba pokha pamene unakhala, maso ali papepala. Zimene zinkachitika pansi kwa ife sunazione. Ndipo Chichewa changa chokhotachi usachiwongole, lemba mmene chikutulukira.

Uthenga unandipeza ku Nthalire kuti gulu la kusukulu yanu ya nyimbo ku Karonga likudzaimba mu holo ya tchalitchi ku Lufita, iwe uli momwemo. Ndinakwera lole ya chimanga, msana kuphwanyika ndi msewu uja, fumbi mpaka m'mano. Mumtima ndinkati ndikaonera kwaya.

Pakhomo pa holo atate ako, mwana wobereka ndekha, anayamba kundilangiza. "Amama, muno si paukwati. Nthungululu ayi, kuvina ayi. Ena akaomba m'manja ndiye muombe." Ndinati yewo, bwana.

Titalowa, ndinaponya maso kutsogolo. Mzere wakutsogolo, pafupi penipeni ndi oimba, panakhala makolo a mnyamata wako, amene lero ndi mwamuna wakoyu. Nthawi imeneyo anali atangobweretsa mawu kuchokera ku Chisenga, ng'ombe za lobola zisanatuluke m'khola. Kanthu kakang'ono kakanatha kubweza zonse. Ndipo ukudziwa kwathu kuno mtengwa saonana maso ndi apongozi ake aamuna. Ine apongozi anga ndinawadziwa mapazi okha. Ndikamva akutsokomola panjira ndinkadumphira m'tchire, mtsuko uli pamutu. Tsono amene anawaika madalawo kutsogolo ndani? Atate ako, ati ulemu. Anatikhazika ife kumbuyo kwawo.

Oimba analowa, onse zakuda ngati kumaliro. Ena ndi tikaligo tachizungu tomangirira pakhosi, ena malipenga, ena zitoliro. Ndinati mdzukulu wanga apatseni kachitoliro, akhale kumbuyo uko. Ayi. Ukutulukira wakumbatira chigitala chotalika ngati mwana wa sukulu, nukhala pampando wa m'mphepete, moyang'anizana ndi apongozi ako. Kenako maondo uku ndi uku, chinthu chija n'kuchiika pakati.

Mwe! Usaseke, lemba. Siketi inali yaitali, inde, ndinaona. Koma kukhala kwake! Mwana wamkazi kutangadza pamaso pa apongozi, boma lonse likuona, apolisi ndi a kasitomu a pa boda ali pomwepo!

Kunabwera bambo wa kandodo, n'kutifulatira tonse, akulu ndi ana omwe, n'kuyamba kugwedeza manja. Nyimbo inayamba, yopanda mawu. Ndinadikira kuti wina atsogole, ife tivomere. Palibe. Imapita, n'kukhala ngati yatha, n'kuyambanso. Anthu amati inali yokoma chomene. Ine sindinaimve. Ndinkangoona khosi la apongozi ako aamuna ndi maondo ako, maondo ako ndi khosi lawo. Khosi lija louma gwa, osatembenuka. Ndinati basi, akwiya, ng'ombe zija zagona ku Chisenga.

Mpando wapulasitiki unayamba kulira pansi panga. Ndinamasula chitenje chapamwamba, n'kuchipinda, n'kuchitambasula, n'kuchipindanso. Ndinkati ndikwere ndikakufunditse pamiyendo, ndibwerere, ndani angandimange? Ndikangonyamuka pang'ono, atate ako dzanja pamkono panga. "Amama." Ndinatsokomola kuti mwina undimve ubweze maondo. Mayi wina wa wigi anatembenuka n'kundiuza kuti shii, ngati akuingitsa nkhuku. Thukuta, kunja kukuomba mphepo ya Chitipa ija.

Ndiye panafika poti onse anasiya, n'kutsala iwe wekha ukucheka chigitala chija ndi kauta. Holo yonse maso pa iwe. Chinthucho chinalira pansipansi ngati ng'ombe yosowa mwana wake, mpaka ndinachimva m'mimba. Pamenepo ndinasokonezeka, mwana wanga. Theka la ine likuti uyo ndi wanga uyo, theka likuti dziko ng'ambika ndilowe.

Atapuma, bambo wa kandodo anatembenuka, ati tsopano tiimba zakwathu. Anayamba ija timavina m'maukwati, malipenga n'kudzuka, ng'oma n'kulowa. Anthu anayamba kugwedeza mapewa. Atate ako anandisiya mkono kuti aombe m'manja. Kulakwa kwawo kunali komweko.

Ndinatuluka mumzere, n'kukaima pakati pa iwe ndi apongozi ako, msana kwa iwe, n'kutambasula chitenje ndi manja awiri ngati ndikuyanika. Kuti anthu asati gogo wapenga, ndinayamba kuvina nacho. Koma ine wamfupi, manja aafupi, mbali imodzi inkagwa. Ndikungoona munthu wagwira nsonga inayo. Apongozi ako aakazi! Anandinong'oneza, "Asebele, mwachedwa. Ine chitenje changa ndachifinya mpaka chanyowa." Asebele ndiye mmene timaitanirana ife amene ana kapena adzukulu athu akukwatirana. Mawu amenewo anali asananditchulepo. Nthungululu inatuluka yokha, lamulo la atate ako n'kuthera pomwepo. Amayi ena anadzuka, ankayesa ndi mavinidwe a ku Nthalire.

Tikuvina choncho ndinasuzumira pamwamba pa chitenje kuti ndione nkhope ya madala aja. Maso anali pachipewa chimene anachiika pamaondo. Akazi awo anati chiyambire sanadzutse mutu, khosi mpaka kuwawa. Phazi lokha ndi limene linkamenya pansi.

Panja, iwe utabisala kuseri kwa basi yanu monga mwana woleredwa, apongozi ako aamuna anandipatsa moni wa manja awiri. Anati, "Amama, chachikulu chija cholira pansi chandikhudza. Kaya amaliza ndani, ine sindinaone." Ndinati nanenso sindinaone bwino, adada, maso akukalamba. Anati, "Mukamupeza mumuuze kuti ku Chisenga adzabwere nacho. Ndizidzamvera kuseri kwa nyumba."

Ng'ombe zinabwera mvula isanagwe. Koma tsiku lija atate ako anakhala osandilankhula mpaka tinafika pa depoti, ati ndinawachititsa manyazi pamaso pa anzawo a ku ofesi. Zimenezo usalembe. Kapena lemba, awerenge. Ndipo bweza maondo, iwe, ukulemba chotangadzanso.